Mthunzi wachangu kuseri kwa nyumba mu Lusaka: mafunso ndi mayankho

Okutobala akafika, dzuwa la mu Lusaka limaswa mtengo, malata amatentha mpaka usiku, ndipo aliyense wopanda mtengo pakhomo amalumbira kuti chaka chino adzala basi. Mvula ikangoyamba, anyamata ogulitsa mbande m'mbali mwa Great East Road ndi Leopards Hill Road amamva funso limodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo: "Nanga wokula msanga ndi uti?" Wogulitsa amaloza umene ali nawo wambiri, wogula n'kuponya m'galimoto. Pakapita zaka zingapo ndiye zimadziwika kuti mtengo wothamangira kumwamba umathamanganso pansi pa nthaka, kumene kuli maziko a nyumba, mapaipi ndi tanki ya chimbudzi. Nawa mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri, pamodzi ndi ena amene akanayenera kufunsa asanalipire.

Tiyambe ndi funso lomwelo: ndi mitengo iti imene imakuladi msanga kuno?

Pa liwiro lokha palibe woposa chammwamba, umene ambiri amaudziwa ndi dzina la moringa. Mukaudzala mvula itangoyamba n'kumauthirira m'chilimwe, umatha kufika mamita 3 kapena 4 chaka chisanathe. Papaya amatsatira pomwepo, ndipo amabereka chaka chikamatha kapena chikangotha kumene. Nthochi si mtengo weniweni, koma pakhomo imagwira ntchito ya mtengo: mthunzi, chakudya, ndi kutchinga maso a odutsa. Mabulosi, gilisidiya, lukina, kesha, malayina, sendirela, indya ndi bulugamu yonseyi imawonjezera mita imodzi kapena kuposa pachaka ikapeza chinyezi.

Pali gulu lapakati limene anthu amalidumpha chifukwa cha phuma: gwafa, mandimu, mango ndi mapeyala omezanitsa, msikidzi ndi mbawa. Iyi imafuna zaka 3 mpaka 6 kuti muyambe kukhala pansi pake kapena kudya zake. Kumapeto kwenikweni kuli mitengo ya m'nkhalango zathu monga masuku ndi mlombwa, imene imatha zaka zoyambirira ikumanga mizu, pamwamba pakuoneka ngati palibe chikuchitika.

Kumbukiraninso kuti Lusaka ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Mu Juni ndi Julayi kumazizira ndipo mitengo yambiri imaima kaye. Nimu amene mwamuona atatambalala ku Chirundu, ku Siavonga kapena kuchigwa cha Luangwa sakula ndi liwiro lomwelo ku Woodlands.

Nanga choipa cha mtengo wofulumira n'chiyani?

Mtengo ukamakula mothamanga thupi lake limakhala lofewa. Mvula yoyamba ya Novembala imabwera ndi mphepo yamkuntho, ndipo nthambi zimene zimagwera pa malata ndi pa magalimoto kawirikawiri zimakhala za mitengo yotereyi. Mitengo yambiri yofulumira sikhalitsanso. Papaya akabereka bwino zaka 3 kapena 4 amatalika, zipatso n'kuyamba kuchepa, kenako amagwa yekha.

Koma vuto lalikulu silioneka, chifukwa lili m'nthaka. Kuti mtengo uwonjezere mamita 2 pachaka umafuna madzi ambiri, ndipo mu Lusaka kuyambira Meyi mpaka Okutobala kulibe mvula. Mizu imanka nifunafuna chinyezi, n'kuchipeza pa paipi ya madzi oipa, pa sokawe ndi pa tanki ya chimbudzi. Muzu suboola paipi yabwinobwino. Umalowera polumikizira kapena pamng'alu, uli kamuzu kopyapyala, n'kunenepera m'katimo mpaka madzi kuleka kuyenda. Nyumba zakale zimene mapaipi ake anaikidwa kalekale ndi zimene zimavutika kwambiri. Mipanda ya mabuloko nayo maziko ake sakhala akuya, moti muzu umodzi wonenepa ndi wokwanira kuunyamula n'kuung'amba kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Mtengo wofunika kusamala nawo kwambiri ndi uja amagulitsa m'kamphika, wa masamba ang'onoang'ono onyezimira, wometedwa bwino mozungulira, dzina lake Ficus benjamina. Uli m'kamphika umaoneka waulemu. Mukangouika m'nthaka umakumbukira kuti ndi m'bale wake wa kachere ndi mkuyu, mizu n'kuyamba kuyenda pamwamba, kutukula mapeva ndi kulowa paliponse pamene pali madzi. Ngati mumaukonda, usiyeni mumphika momwemo.

Ndiye kuti tisadzale yofulumira?

Dzalani, koma muzidziwa ntchito yake. Mtengo wofulumira ndi waganyu: mumamulemba ntchito ya nyengo yochepa, ikatha mumamutsanzika. Mwini khomo ndi mtengo wapakati uja umene udzakhalepo zaka makumi angapo. Njira yabwino ndi kudzala iwiri yonse tsiku limodzi. Papaya, chammwamba ndi nthochi zimakupatsani mthunzi ndi chakudya chaka choyamba, uku zikutchinjiriza mbande ya mango kapena msikidzi ku dzuwa ndi mphepo ya Ogasiti. Wokhalitsayo akayamba kutambalala, mumachotsa ofulumira aja. Cholakwika chimene ambiri amachita n'kumvera chisoni mtengo wongoyembekezera, kuusiya mpaka utaphimba mnzake ndi kufika poti sungadulidwe popanda kuitana anthu a makina.

Ndimakhala ku Kabwata ndipo malo ndi ochepa kwambiri. Ndidzale chiyani?

Kabwata anamangidwa m'nthawi ya atsamunda kuti azikhalamo antchito achikuda, ndipo tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu timene tatsala ku Kabwata Cultural Village m'mbali mwa Burma Road tikuonetsa kukula kwa malo amene wantchito ankapatsidwa. Boma la Frederick Chiluba litagulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo mu 1996, anthu a ku Kabwata, Libala ndi Chilenje anamanga mipanda, anawonjezera zipinda, ena n'kumanga tinyumba ta lendi kuseri. Malo amene anatsala pamakomo ambiri ndi kampata pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda, pamene palinso chingwe choyanikira zovala.

Pamalo otere musaganize za mtengo waukulu ayi. Papaya ndi woyamba, chifukwa mizu yake ndi yofewa ndipo safuna malo otambalala. Fesani njere zitatu kapena zinayi paphando, popeza ena amatuluka aamuna. Wamwamuna amadziwika ndi maluwa ang'onoang'ono ambiri olendewera pa timapesi titalititali, pamene wamkazi maluwa ake ndi akuluakulu, omatirira kuthunthu. Akaonetsa maluwa, siyani wamkazi wamphamvu n'kuzula enawo. Ngati oyandikana nanu alibe papaya, siyaniponso wamwamuna mmodzi.

Chammwamba naye ndi woyenera, bola musamulekerere. Akafika m'chifuwa mwanu mudule nsonga, ndipo chaka ndi chaka muzimudula pa msinkhu wa mita imodzi ndi theka. Akatero amaphuka nthambi zambiri, masamba a ndiwo n'kukhala pofikira dzanja. Mukamusiya amangothamangira kumwamba ali wowonda, wopanda mthunzi, wosavuta kuthyoka. Masamba ake ndi ndiwo yopatsa thanzi, koma zakuti amachiza matenda onse zija ndi malonda chabe.

Ndimu womezanitsa ndi gwafa zimakwana pa mamita 3 kuchokera kukhoma. Ndipo ngati chimene mukufuna ndi mthunzi wokhala pansi pake chaka chomwechino, mangani thandala la mitengo kapena zitsulo n'kuyangitsapo magalagadeya. Nyengo imodzi ya mvula thandala limaphimbika, zipatso zikulendewera pamutu, ndipo palibe muzu umene ungagwetse mpanda. Okhala m'mafulati angadzale ndimu m'theka la mgolo loboola pansi.

Mitengo yowongoka yowonda ija imene yandandalikidwa m'mipanda yambiri ndi yabwino?

Imeneyo ndi ashoka, yochokera ku India ndi Sri Lanka. Imakula mowongoka, masamba akugwera pansi, sitenga malo, ndipo imatchinga fumbi ndi maso a anthu a m'nyumba zosanja. Mthunzi wokhalapo ilibe, chipatso chodya ilibe. Ndi mpanda wamoyo basi. Mukaidzala isiyireni mita imodzi kapena kuposa kuchokera kumpanda, ndipo muziidula nsonga isanapitirire pamene makwerero anu angafike.

Ku Chelstone poloti ndi yokulirapo. Mango kapena mapeyala?

Pamapoloti apakati ngati a ku Chelstone, Kaunda Square kapena Avondale mungakwane mtengo umodzi waukulu, mwina iwiri, ndi ing'onoing'ono m'mbali. Pakati pa awiriwa, mango ndi wopirira. Akangogwira safuna kuthirira, amalimba ndi chilala, mthunzi wake ndi wandiweyani chaka chonse. Mapeyala, amene pamsika wa mu Lusaka mudzawapeza ndi dzina la kotapela, ndi osachedwa kudandaula. Mizu yake ili pamwamba, safuna madzi odikha ngakhale masiku ochepa, ndipo m'chilimwe amafuna kuthirira. Ngati pakhomo panu pamadikha madzi mu Januwale ndi Febuluwale, dzalani mango, kapena muunjike dothi n'kudzala peyala pamwamba pa mulu.

Onse awiri gulani omezanitsa, amene alimi ena amati okwatitsa. Mango womezanitsa amayamba kubereka pa zaka 3 kapena 4 ndipo sakula mopitirira. Wa njere amachedwerapo n'kukhala chimtengo. Peyala wa njere ndiye amayesa mtima: akhoza kutha zaka 7, 10 kapena kuposa osabereka, ndipo akabereka chipatso chake sichifanana ndi chimene munadya n'kusunga njere yake. Mitundu ya mapeyala ya Hass ndi Fuerte imapezeka m'manazale odalirika. Mango muikeni mamita 6 mpaka 8 kuchokera kunyumba ndi kutanki ya chimbudzi.

Mabulosi ana amawakonda, ndipo amamera ndi kanthambi kongozika. Koma aikeni kutali ndi chingwe cha zovala komanso kutali ndi mapaipi. Mbalame zikadya mabulosi, nsalu zoyera zimene mwayanika zimadziwa.

Nanga ife a ku Woodlands ndi Kabulonga amene tili ndi malo aakulu?

Inu ndiye muli ndi mwayi wodzala mitengo imene ena sangathe, ndipo ndikunena mosabisa kuti muli ndi udindo wake. Lusaka anakonzedwa pa mapulani a Stanley Adshead a mu 1931 kuti akhale mzinda wa minda ndi mitengo, ndipo anakhala likulu mu 1935 m'malo mwa Livingstone. Mapoloti aakulu ndi misewu ya mitengo zinapita kumayadi kumene kumakhala azungu. Mpaka lero munthu akamatera pa ndege amatha kusiyanitsa kumayadi ndi kumakomboni poona kubiriwira kokha. Koma mitengo imeneyo yakalamba, ina inagwa pokuza misewu, ndipo mapoloti ambiri a ku Kabulonga ndi Woodlands akugawidwa n'kumangidwa mafulati ndi maofesi, pabwalo ponse n'kuthira simenti. Amene wagula malo otere amadula mitengo ya zaka 60 tsiku limodzi, m'malo mwake n'kuika timitengo ta kanjedza m'miphika.

Pa mthunzi, msikidzi ndi wovuta kuuposa. Kunazale mukafunse musikili, kapena Trichilia emetica. Ndi mtengo wa kwathu kuno, masamba ake ndi obiriwira modera chaka chonse, mutu wake ndi wozungulira, ndipo mu Okutobala pamene mitengo ina ili mbee iwo umakhala uli ndi mthunzi wozizira. Ukathiriridwa zaka zoyamba umakula mwachangu ndithu. Mbawa, umene ambiri ku Zambia amautchula mululu, ndi wofulumira modabwitsa pakati pa mitengo ya matabwa olimba, koma umapitirira mamita 30. Malo ake ndi kungodya ya poloti, mamita 15 kapena kuposa kuchokera kunyumba yanu ndi ya mnzanu. Mwimbi ndi mpasa zimachita bwino pamalo achinyezi ndipo zimaitana mbalame. Mkuyu ndi wa amene ali ndi malo otambalala zedi, kutali ndi paipi iliyonse ndi dziwe losambiramo.

Jakaranda ndi flamboyant ndi zimene zimakongoletsa mzindawu. Bwanji simunazitchule?

Chifukwa malo ake ndi mumsewu. Palibe angakane kuti Lusaka amakongola mu Sepitembala ndi Okutobala jakaranda akachita maluwa, kenako flamboyant n'kufiira mvula ikamayandikira. Koma yonse iwiri ndi yobwera, jakaranda kuchokera ku South America, flamboyant ku Madagascar, ndipo yonse imayoyola masamba m'chilimwe. Flamboyant amatambalala kuposa kutalika kwake, mizu yake ikuyenda pamwamba pa nthaka, kutukula simenti ndi kukhumudwitsa oyenda usiku. Jakaranda timasamba take timadzaza ngalande za padenga, ndipo pansi pake ndiwo zamasamba sizikondwa. Ku South Africa, kumene Pretoria amadziwika ndi mtengo umenewu, boma linauika m'gulu la zomera zobwera zimene zimafalikira n'kulanda malo a zachilengedwe. Pa poloti yaikulu umodzi kutsogolo si tchimo. Kuseri kwa nyumba ya ku Kabwata ayi.

Pali ina yoti tiipewe?

Bulugamu ndi woyamba. Ndi mtengo wa m'minda ya mitengo ngati ya ZAFFICO ku Copperbelt, kumene amaufuna pa mapolo ndi matabwa. Pakhomo umamwa madzi ambiri, umatalika kuposa nyumba zosanja, umagwetsa nthambi mosachenjeza, ndipo ukaudula umaphukanso pachitsa. Lukina ali pamndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo 100 zofalikira moipa kwambiri padziko. Mukadzala mmodzi, chaka chamawa mbande zake zili m'dimba lanu ndi la mnzanu. Sendirela nayenso amamwaza njere ndi mphepo n'kumera paliponse. Indya amakula msanga koma tizipatso take tachikasu n'tapoizoni, ndiye pakhomo pa ana aang'ono ndi ziweto si woyenera. Malayina amayanika nthaka, ndipo zipatso zake zikagwa n'kuola pabwalo pamanunkha.

Timamva za msangu ndi gilisidiya kuti zimawonjezera chonde. N'zoyenera pakhomo?

Msangu, kapena musangu, ndi mtengo wodabwitsa: umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kuphuka m'chilimwe, motero chimanga chimakula bwino pansi pake. N'chifukwa chake a Conservation Farming Unit akhala akulimbikitsa alimi kuudzala motalikirana mamita 10 mbali zonse, mitengo 100 pa hekitala. Komatu umenewo ndi mtengo wa kumunda. Uli ndi minga ndipo umakula kwambiri. Amene muli ndi famu ku Chongwe kapena ku Chisamba kaudzaleni kumeneko.

Gilisidiya ndi wina. Anachokera ku Central America, ndipo akatswiri anamuyesa kwa zaka zambiri ku Msekera ku Chipata ndi ku Makoka ku Zomba asanafalikire m'minda ya alimi. Pakhomo amathandiza amene ali ndi kadimba ka repu ndi tomato. Mumadzala mzere m'mbali, kumadula pa msinkhu wa m'chiuno kangapo pachaka, masamba n'kukwirira m'mabedi, timitengo n'kuimikira tomato kapena kusonkhera moto. Pa mthunzi musamudalire, chifukwa m'chilimwe amakhala wopanda masamba.

Ndakumba dzenje ndapeza mwala. Nditani?

Mwapeza chimene Lusaka wakhalapo. Mbali yaikulu ya mzindawu ili pamwamba pa miyala ya laimu, yomwe ija amayi amaphwanya m'mbali mwa misewu, yomwenso inachititsa kuti fakitale ya simenti imangidwe ku Chilanga mu 1949. Mwalawu sunayalidwe mofanana. Pena uli pamwamba penipeni, mukasuntha mapazi atatu mupeza dothi lakuya. Choncho musalimbane nawo. Tengani chitsulo chosongoka, muzikhoma malo osiyanasiyana mpaka mutapeza pamene chikulowa, dzenje likhale pamenepo.

Dzenjelo mukakumba, thiranimo ndowa ziwiri za madzi madzulo. Mukapeza m'mawa madzi akadalimo, dziwani kuti papaya ndi peyala adzaola mizu pamenepo. Adzaleni pamulu wa dothi.

Laimu ameneyu ali ndi vuto linanso. Nthaka yake, pamodzi ndi madzi a pamjigo amene amasiya zoyera m'ketulo, zimalepheretsa mitengo ina kutenga ayironi. Chizindikiro chake mudzachiona pa masamba anthete a ndimu, lalanje kapena peyala: tsamba limasanduka lachikasu koma mitsempha yake ili yobiriwira. Ambiri akaona zimenezi amathira feteleza wambiri, osathandiza. Chothandiza ndi manyowa owola bwino chaka ndi chaka, kuphimbira ndi masamba, ndipo zikapitirira, mankhwala a ayironi opopera masamba amene amagulitsidwa m'masitolo a zaulimi. Phulusa lambiri pamtengo wotere limawonjezera vutolo.

Mtengo ukhale mbali iti ya nyumba?

Kumadzulo. Dzuwa limene limaotcha zipinda ndi la masana kupita kumadzulo, ndipo mtengo woima mbali imeneyo umaziziritsa nyumba kuposa itatu yoima kwina. Kum'mawa siyani dzuwa lilowe, mu Juni mudzalifuna.

Funsoli lakula kuyambira mu 2024. Chaka chimenecho mvula inakanika, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse, madzi anatsika ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Mabanja ambiri anaika masola padenga. Lusaka ali kumwera kwa equator, choncho miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo masola ambiri amayang'ana komweko. Mthunzi wa nthambi imodzi pa sola umatsitsa mphamvu kwambiri kuposa mmene kukula kwa mthunziwo kungakuganizitseni. Mtengo wautali usakhale kumpoto kwa denga lanu, ndipo ngati muli ndi mtima wabwino, usakhalenso kumpoto kwa denga la mnzanu.

Yang'ananinso kumwamba musanakumbe. Pansi pa mawaya a ZESCO dzalani zokhazo zimene sizidzafika pamenepo, apo ayi mtengo wanu udzadulidwa mbali imodzi n'kukhala wopendekeka.

Madzi ndi odula. Mtengo umafuna ochuluka bwanji?

Chilimwe choyamba ndi chimene chimapha mbande zambiri. Lusaka amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pachaka, koma yonse imagwa m'miyezi isanu, ina yonseyo kuli gwa. Mbande imafuna ndowa ya malita 20 kawiri pasabata kuyambira Meyi mpaka mvula itabweranso, ndipo mu Sepitembala ndi Okutobala mungawonjezere. Kuthirira kwambiri mwa apo ndi apo n'kwabwino kuposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse, chifukwa madzi olowa pansi amakokera mizu pansi, pamene owaza amaisunga pamwamba. Pangani kabeseni kozungulira mtengo, muphimbire ndi udzu kapena masamba, koma zophimbirazo zisakhudze thunthu.

Simukuyenera kugwiritsa ntchito madzi a pampopi a Lusaka Water, amene ena mwa iwo amachokera kutali ku mtsinje wa Kafue ndipo mumalipira pa mita. Madzi osambira ndi otsukuluzira zovala ndi abwino pa nthochi, mabulosi ndi gwafa. Okhawo a jiki ndi a mafuta a m'khitchini ndi amene musathire. Amene muli ndi mjigo kumbukirani kuti magetsi akazima pampu imaimanso, ndiye mtengo wofuna madzi tsiku ndi tsiku ndi katundu wolemetsa.

Ndipo mukamayala mapeva siyani dothi loonekera, mita imodzi kapena kuposa mbali zonse za thunthu. Madzi a m'mijigo ya mu Lusaka ndi mvula yomweyi imene imalowa m'ming'alu ya miyala ija. Mkangano wa nkhalango ya Forest 27 kum'mawa kwa mzindawu, imene zigawo zake zinachotsedwa pa chitetezo pakati pa 2017 ndi 2019, unali wa zomwezi: kumeneko n'kumene madzi amalowera pansi n'kudyetsa mtsinje wa Chalimbana. Bwalo lotsekedwa lonse ndi simenti limathamangitsira mvula mumsewu, kenako tonse n'kumadandaula kusefukira kwa madzi.

Ndingadziwe bwanji mbande yabwino?

Musatengeke ndi kutalika. Mbande yaitali m'kachubu kakang'ono ndiye kuti yakhalitsa, mizu yazungulirazungulira m'katimo, ndipo ikadzalidwa imachedwa kugwira kapena imadzagwa ndi mphepo. Nyamulani chubu muone pansi. Ngati muzu waukulu unaboola n'kulowa m'nthaka ndipo wogulitsa wauthyola pozula, isiyeni. Yofika m'bondo kapena m'chiuno, ya thunthu lonenepa ndi masamba obiriwira bwino, imadzapitirira yaitali ija pasanathe zaka 2.

Akakuuzani kuti ndi yomezanitsa, funani chipsera. Chimakhala pathunthu, chapansipansi, pamene mitengo iwiri inakumana: pamakhala potupa pang'ono kapena popindika, nthawi zina kapulasitiki komangira kakadalipo. Palibe chipsera, palibe kumezanitsa, ngakhale mnyamatayo alumbire motani. Podzala, chipseracho chikhale pamwamba pa dothi, ndipo mphukira zonse zotuluka m'munsi mwake muzizichotsa, chifukwa zimenezo n'za mtengo wapansi umene zipatso zake simukuzifuna. Kupatula ogulitsa a m'misewu, kafunseni ku nazale za Dipatimenti ya Zankhalango, makamaka pa mitengo yachilengedwe.

Nthawi yodzala ndi iti, ndipo chiswe tithana nacho bwanji?

Tsiku lodzala mitengo m'dziko la Zambia ndi 15 Disembala, ndipo nthawiyo ndi yoyenera, nthaka itanyowa bwino koma mvula ikadali ndi miyezi itatu. Mukadzala mu Malichi mbande imalowa m'chilimwe isanagwire. Dzenje likhale masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya. Dothi lapamwamba muike padera, musakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola, ndi limene libwerere pansi. Ng'ambani chubu, musadzale ndi pulasitiki, ndipo mbande isamire kupitirira pamene dothi la m'chubu linalekezera.

Chiswe chimakonda mbande yofooka ndi ludzu, makamaka ya mitengo yobwera. Mtengo wothiriridwa bwino sichiupha kawirikawiri. Manyowa osawola ndi zitsa zakale m'dzenje zimachiitana. Muziyendera thunthu, mukaona tinjira ta dothi tikukwera mufafanize pomwepo. Pakhomo pa agalu, nkhuku kapena ana osewera mpira, tchingirani mbande ndi timitengo kapena waya chaka choyamba.

Ndili pa lendi. Ndivutikirenji?

Dzalani zimene mudzadye nokha: papaya, nthochi, chammwamba, magalagadeya, ndi ndimu wa mumgolo amene mudzanyamule posamuka. Mtengo waukulu funsani kaye alandilodi. Chimodzimodzi ndi oyandikana nawo: nthambi ndi mizu sizidziwa malire a poloti, ndipo milandu yambiri ya pakati pa makomo imayambira pa masamba ogwera kuseri kwa mpanda. Musanagwetse mtengo waukulu, makamaka wa kunja kwa mpanda m'mbali mwa msewu, kafunseni ku khonsolo ku Civic Centre, chifukwa si wanu nokha.

Mutati musankhe umodzi wokha?

Pa kamalo ka ku Kabwata, ndimu womezanitsa, papaya ali pambali poyembekezera. Ku Chelstone, mango womezanitsa chakumadzulo kwa nyumba. Ku Woodlands ndi Kabulonga, msikidzi, ndipo amene malo akumulola awonjezere mbawa kungodya. Musanapite kunazale tengani tepi, muyeze kuchokera pamene mukufuna kudzala kufika kukhoma, kumpanda, kutanki ya chimbudzi ndi kumawaya, manambalawo mupite nawo m'thumba. Dzenje kumbani mu Novembala kuti 15 Disembala ikupezeni mwakonzeka.